Nkhawa ya Mayi Woyembekezera Imafika kwa Mwana: Phunziro la ku Marka

Msewu wa M1 umathera pa Marka, kumunsi kwenikweni kwa boma la Nsanje. Ukangodutsa pa chipata cha m'malire walowa ku Vila Nova da Fronteira, m'dziko la Mozambique. Dera limeneli ndiye lotsika kuposa ena onse m'Malawi: pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'dziko muno ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Choncho mvula ikagwa ku Mulanje, ku Thyolo, ku Blantyre kapena ku Mwanza, madzi ake ambiri amatsikira kuno.

Anthu a kuno zaka amaziwerenga ndi madzi. Amakumbukira Januwale wa 2015, pamene boma linalengeza kuti maboma 15 agwidwa ndi ngozi. Amakumbukira namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, komanso Freddy mu Malichi 2023, amene anasiya anthu oposa 600,000 m'dziko muno opanda pokhala. Ngozi zoterezi zikachitika timawerenga omwalira, nyumba zogwa, minda yokokoloka ndi ziweto zopita ndi madzi. Koma pali gulu lina limene sililowa m'kaundula: ana amene pa nthawiyo anali m'mimba mwa amayi awo. Madzi sanawaone, kumsasa sanagoneko mwa iwo okha, komabe akatswiri a zaumoyo akutiuza kuti zimene amayi awo anadutsamo zimatha kuwafika. Zimawafika bwanji? Nanga ife, ophunzira ndi anthu a mumpingo, tingachitepo chiyani?

Thupi likamva zoopsa

Tiyambe ndi zimene tonse timazidziwa. Msodzi akamaponya ukonde m'dambo la Ndindi n'kuona ng'ona yatulukira pafupi ndi bwato, mtima umagunda mofulumira, kukamwa kumauma, manja amagwira nkhafi ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo. Chimachitika n'chakuti ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo tiziwaloti timatulutsa mahomoni awiri m'magazi: adrenaline ndi cortisol. Adrenaline amathamangitsa mtima ndi kukankhira magazi ku minofu ya manja ndi miyendo. Cortisol amaonjezera shuga m'magazi kuti thupi lipeze mphamvu, ndipo amayamba waimitsa ntchito zimene zingathe kudikira, monga kugaya chakudya. Msodzi uja akafika kumtunda, mahomoniwa amatsika, thupi n'kubwerera mwakale.

Cortisol si mdani ayi. Mayi aliyense woyembekezera amakhala ndi cortisol wochuluka m'miyezi yomaliza, ndipo ndi homoni yomweyi imene imakhwimitsa mapapo a mwana kuti adzathe kupuma akabadwa. N'chifukwa chake mayi amene akuoneka kuti achira masiku asanakwane, kuchipatala amamubaya jekeseni wa mankhwala ofanana ndi cortisol kuti mapapo a mwanayo akhwime msanga.

Vuto limabwera pamene ng'onayo siikuchoka. Mayi amene nyumba yake yagwa, amene sakudziwa kuti mawa ana adya chiyani, kapena amene amagona akuopa kuti mwamuna wake abwera ataledzera, thupi lake limakhala tcheru usana ndi usiku, kwa masabata kapena miyezi. Chimene chinapangidwa kuti chitipulumutse kwa mphindi zochepa chimasanduka katundu wosatula.

Mlonda wa pa nsengwa

Magazi a mayi ndi a mwana sasakanikirana. Pakati pawo pali nsengwa, imene imalandira mpweya ndi chakudya kuchokera kwa mayi n'kuzipereka kwa mwana kudzera mu mchombo. Mu nsengwamo muli chinthu china chimene akatswiri amachitchula kuti 11-beta-HSD2. Ntchito yake ndi yonga ya mlonda wa pachipata: cortisol wa mayi akafika, chimamusandutsa cortisone, amene alibe mphamvu zambiri. Mwa njira imeneyi gawo lalikulu la cortisol wa mayi silifika kwa mwana. Ichi n'chifukwa chake kudzidzimuka kwa tsiku limodzi, kukangana ndi mnansi kapena kuda nkhawa ndi mayeso sikupweteka mwana.

Koma mlonda naye amatopa. Ofufuza a ku Imperial College London, motsogozedwa ndi Vivette Glover, anayeza nsengwa za amayi atangochira ndipo anapeza kuti mwa amayi amene anali ndi nkhawa yaikulu, mlonda uja anali wochepa mphamvu. Zikatero cortisol wambiri amatha kudutsa. Ubongo wa mwana pa nthawiyi umakhala ukumangidwa, ndipo mbali zake zimene zimalamulira mantha, kukumbukira ndi kudekha zimamva homoni imeneyi kwambiri. Tingati mwanayo amalandira uthenga wakuti kunja kuno n'koopsa, ndipo thupi lake limayamba kukonzekera dziko lotero asanalione.

Nsengwa imatulutsanso homoni ina yotchedwa CRH, imene imachuluka pang'onopang'ono pamene pakati pakukula ndipo imathandiza kuika nthawi yobereka. Cortisol wa mayi akachuluka, nsengwa imatulutsa CRH wambiri. Iyi ndi imodzi mwa njira zimene akatswiri amafotokozera chifukwa chake amayi opsinjika kwambiri amakhala pa chiopsezo chochira masabata 37 asanakwane, kapena kubereka mwana wosakwana makilogalamu 2.5. Kwa ife Amalawi nkhaniyi ndi yaikulu: lipoti la bungwe la WHO ndi anzake la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa dziko lonse pa ana obadwa masiku asanakwane, ana 18 mwa 100 alionse obadwa.

Palinso njira ina imene sifuna makina kuti tiione. Mayi amene mtima wake wasweka chakudya sichimukoma, tulo sabwera, ndipo mphamvu zoyenda ulendo wa kusikelo zimamuthera. Akajomba kusikelo ndiye kuti waphonya mankhwala oonjezera magazi, waphonya Fansidar woteteza ku malungo, palibe wamuyeza BP, ndipo ngati ali pa ma ARV angathe kudukiza. Malungo ndi kuchepa kwa magazi pazokha zimachititsa kuti mwana abadwe wochepa. Choncho nkhawa siyenda yokha. Imatsegulira khomo mavuto ena.

Zimene ofufuza anapeza

Palibe dokotala amene angazunze dala amayi oyembekezera kuti aone zotsatira zake. N'chifukwa chake zambiri zimene tikudziwa zinachokera ku ngozi zimene zinagwa zokha.

M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikupita kumapeto, chakudya chinatsekedwa kulowa kumadzulo kwa dziko la Netherlands ndipo kunagwa njala yoopsa. Zipatala zinapitiriza kulemba bwino za ana obadwa, motero patapita zaka makumi angapo ofufuza anawalondola anawo ali akuluakulu. Amene njala inawapeza m'miyezi yomaliza ali m'mimba anabadwa ochepa thupi. Amene inawapeza m'miyezi yoyambirira anabadwa ndi sikelo yabwino, koma atakula anapezeka ndi matenda a mtima ndi kunenepa kwambiri kuposa anzawo. Izi zinagwirizana ndi ganizo la dokotala wa ku Britain, David Barker, lakuti matenda ena a munthu wamkulu mizu yake imakhala m'mimba mwa mayi.

Mu Januwale 1998, mvula ya madzi oundana inagwetsa mapolo a magetsi m'chigawo cha Quebec ku Canada, ndipo mabanja ena anakhala masabata angapo opanda magetsi m'nyengo yozizira koopsa. Suzanne King wa pa yunivesite ya McGill anayamba kulondola amayi amene anali oyembekezera pa nthawiyo pamodzi ndi ana awo. Anawo atakwana zaka ziwiri, amene amayi awo anavutika kwambiri anali m'mbuyo pang'ono pa kulankhula ndi kumvetsa zinthu poyerekeza ndi anzawo. Chochititsa chidwi n'chakuti pa mbali imeneyi chimene chinalemera kwambiri si mantha amene mayi ananena kuti anali nawo, koma kukula kwa mavuto enieni amene anakumana nawo: masiku amene anakhala opanda magetsi, katundu amene anataya, maulendo amene anasamuka. Phunziro lake ndi lomveka. Kuuza mayi kuti “limbani mtima” sikukwanira ngati akugonabe pansi m'kalasi yodontha.

Ku Bristol, ku England, ofufuza analondola ana zikwi zambiri obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Anapeza kuti mwa ana a amayi amene anali ndi nkhawa yaikulu ali oyembekezera, chiopsezo cha mavuto a khalidwe ndi maganizo chinali chowirikiza pafupifupi kawiri. Komabe, ngakhale m'gulu limeneli, ana ambiri anakula bwinobwino popanda vuto lililonse.

Kuno kwathu nako nkhaniyi inafufuzidwa. Robert Stewart ndi anzake anacheza ndi amayi amene anabwera ndi ana awo ku katemera pa chipatala cha boma cha Thyolo, ndipo m'zimene anafalitsa mu 2008 anaonetsa kuti ana a amayi ovutika maganizo anali otsalira pa msinkhu poyerekeza ndi ana a amayi ena. Bungwe la WHO limanena kuti padziko lonse mayi mmodzi mwa 10 alionse oyembekezera amakhala ndi vuto la maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo m'maiko osauka chiwerengerochi chimaposa 15 mwa 100 alionse.

Katundu wa mayi wa ku Marka

Makolo athu anati mayi woyembekezera ndi wapakati, ndipo ambiri amamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Mantha amenewa mayi aliyense amawadziwa. Koma mayi wa ku chigwa cha Shire amasenza ndi zina pamwamba pake.

Choyamba ndi madzi. Mabanja a m'madera otsika monga kwa Nyachikadza amasamutsidwa pa bwato kupita kumtunda, ndipo sukulu ndi matchalitchi zimasanduka misasa. Kumsasa anthu amagona mothithikana, zimbudzi ndi zochepa, malo osambira obisika ndi osowa, ndipo udzudzu ndi wosaneneka. Buku la kuchipatala, neti ndi tinsalu timene mayi anasungira mwana nthawi zambiri zimakhala zapita ndi madzi. Mu 2022 namondwe wa Ana anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo chaka chomwecho kunabuka kolera imene inapha anthu ambiri kuposa mliri wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Mayi wa miyezi isanu ndi itatu m'nyengo yotere amagona ndi funso limodzi: matenda akandiyamba usiku, ndikafika bwanji kwa Ndamera, nanga akanditumiza ku chipatala cha boma ku Nsanje ndidzayenda pa chiyani?

Chachiwiri ndi njala. Madzi akaphwa amasiya mchenga m'minda, ndipo chaka china m'malo mwa madzi kumabwera ng'amba. Mabanja amadalira ulimi wa kudimba, ganyu, ndipo zikafika pothina amayi amalowa m'dambo kukazula nyika, m'madzi momwe muli ng'ona. M'nyumba zambiri mayi ndiye amadya pomaliza.

Chachitatu ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40. Kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti kutentha koopsa kumaonjezera chiopsezo chochira masiku asanakwane, ndipo mayi amene akutunga madzi, kutola nkhuni ndi kulima dzuwa lili paliwombo amamva kutenthaku kuposa wina aliyense.

Chachinayi ndi malire. Nsanje inalandira anthu ochuluka othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, ndipo kumapeto kwa 2024 anthu enanso anaoloka kuthawa zipolowe zimene zinabuka chisankho chitachitika m'dzikolo. Mayi wobwera motere wasiya mayi ake, azakhali ake ndi anzake onse amene akanamuthandiza.

Chomaliza sichisankha dera: nkhanza za m'banja. Mwamuna amene amamenya, kutukwana, kumana ndalama kapena kukana pakati ndi chigumula cha tsiku ndi tsiku chimene sichilengezedwa pa wailesi. Mtsikana wapasukulu amene watenga pakati n'kuthamangitsidwa pakhomo nayenso ali m'madzi omwewa.

Mayi asasenze mlandu

Pano tiyenera kusamala. Zonse tafotokozazi zikunena za chiopsezo, osati chiweruzo. Ana ambiri obadwa m'misasa ya 2015 ndi 2019 lero ali pasukulu ndipo akuthamanga ngati anzawo. Ubongo wa mwana umapitiriza kumangidwa akabadwa, makamaka m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo kuyamwitsa, kunyamulidwa, kuyankhulidwa ndi kuseweretsedwa zimakonza zambiri. Mwana wobadwa masiku asanakwane amene waikidwa pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu, monga amachitira m'zipinda za kangaru m'zipatala zathu, amafunda, amayamwa bwino ndipo mtima wake umadekha.

Tisagwiritsenso ntchito nkhaniyi ngati chikwapu. Kuuza mayi kuti “mukamaganiza kwambiri muononga mwana” n'kumuonjezera nkhawa yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Sanaitane madzi, sanaitane njala. Chimodzimodzi, ife a mumpingo tisafulumire kunena kuti wovutika maganizo ndi wochepa chikhulupiriro. Munthu wa malungo timamupempherera kenako n'kumuperekeza kuchipatala. Wovutika maganizo timuchitire zomwezo.

Zizindikiro zake zimaoneka ngati tili ndi maso: kukhala wosakondwa pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa, kusiya zinthu zimene ankazikonda, kusowa tulo, kukana chakudya, kulira pafupipafupi, kudzipatula, kulota madzi kapena kunjenjemera mitambo ikangoda. Amayi ambiri sanganene kuti ali ndi nkhawa. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya. Mayi akanena kuti moyo watopa nawo kapena kuti kuli bwino kungofa, asasiyidwe yekha, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Zimene zimathandiza

Mutu umodzi susenza denga, ndipo kafukufuku akuvomereza. Madzi atasefukira ku Queensland, ku Australia, mu 2011, ofufuza anapeza kuti amayi amene ankaonedwa ndi mzamba mmodzimodzi kuyambira kusikelo mpaka pochira anatetezeka kwambiri ku kukhumudwa kuposa amene ankakumana ndi nkhope yachilendo ulendo uliwonse. Ku Pakistan, Atif Rahman ndi anzake anaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi ya ku Rawalpindi kucheza ndi amayi oyembekezera okhumudwa, kuwamvetsera ndi kuwathandiza kuona mavuto awo mwatsopano. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2008, zinaonetsa kuti kukhumudwa kunatsika ndi theka, ndipo WHO inatenga njirayi, yotchedwa Thinking Healthy, kuti maiko ena aigwiritse ntchito. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu amene akuganiza kwambiri. Mankhwala aakulu m'njira zonsezi ndi munthu wodalirika amene ali ndi nthawi ndi khutu.

Kwa mayi mwini, langizo la WHO kuyambira mu 2016 ndi lakuti aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, kuyambira m'miyezi itatu yoyambirira. Wokhala kutali kapena kutsidya kwa madzi apite kuchidikiro nthawi ya mvula isanamutsekere njira.

Kwa abambo, ntchito ndi yooneka: kuperekeza mayi kusikelo, kumulandira mtolo wa nkhuni ndi chigubu cha madzi, kusunga ndalama ya kabaza, ndi kusiya ukali pakhomo. Apongozi ndi azilamu nawonso angathe kukhala mthunzi kapena munga. Pamene pali nkhanza, lamulo la mu 2006 loletsa nkhanza za m'banja limateteza mayi, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Kwa mpingo, amayi a Dorika amadziwa kale khomo lililonse limene muli woyembekezera. Ngozi ikagwa ndipo tchalitchi lasanduka msasa, amayi apakati ndi oyamwitsa alembedwe poyamba, apatsidwe ngodya yawoyawo, neti, chakudya ndi madzi otetezedwa, ndipo mlangizi wa zaumoyo adziwitsidwe mayina awo ndi miyezi yawo. Monga taonera ku Quebec, kuchepetsa masiku a mavuto enieni ndiko kuteteza mwana.

Kwa ife amene tikuphunzira unamwino, uzamba, udokotala, uphunzitsi ndi ubusa, ena mwa ife adzatumizidwa ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Phalombe. Tidzapeza mzere wautali pa sikelo ndi manja ochepa. Tidzayeza BP, kulemera ndi kugunda kwa mtima wa mwana, pakuti zimenezi zili m'buku. Tikatha, tisatseke bukulo tisanafunse kuti: “Nanga mayi, kunyumba kuli bwanji? Usiku mukumagona?” Funso limeneli silitenga mphindi ziwiri, ndipo yankho lake limakhudza anthu awiri.